Malo amene a Namahela anasiyira mawu

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha a Filipo Namahela, patatha chaka chimwalirireni, ndipo mkwiyo umene ndinabwera nawo kumandako sunatsikebe. Anthu anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, kwaya inaimba, abusa anayamikira ana a malemu kuti alemekeza bambo awo ndi mwala wakuda wonyezimira wochokera ku Limbe. Ine ndinaima kumbuyo ndi sipoko ya njinga m'chikwama. Ndinabwerera nayo kunyumba osaigwiritsa ntchito, ndipo m'manja sindinaombe nawo.

A Namahela anali mmisiri womanga ziliza. Kuyambira m'midzi yozungulira esiteti ya tiyi mpaka kutsikira kwa Changata ndi kwa Nsabwe, mukalowa m'manda n'kuona khoma la kumutu lotambalala ngati chitseko chogoneka, dziwani kuti pamenepo panadutsa iwowo. Sankasema miyala ayi. Ankapaka simenti pakhomapo, n'kudikira kuti iyambe kugwira, kenaka n'kulembapo ndi sipoko yonola kunsonga. Ntchito imeneyi ilibe chofufutira. Ukachedwa simenti yakuumira, ukapupuluma zilembo zimadzitseka zokha.

Makoma awo ankatambalala chifukwa cha lamulo limodzi limene analisunga kuposa mmene ena amasungira Sabata. Chiwerengero cha zinthu ankalemba m'manambala, koma chiwerengero chokhudza munthu ankachilemba m'mawu, m'Chinyanja chonse chathunthu. Makilo a tiyi, matumba a simenti, nambala ya nyimbo pabolodi la kutchalitchi, vesi la m'Baibulo, zonsezo manambala. Chaka chobadwa ndi chaka chomwalira ankalola manambala, amati zimenezo n'za kalendala, aliyense amagawana nazo. Koma zaka zimene munthu wakhala ndi moyo, ndi ana amene wabereka, amati n'zake yekha, ndipo sizilembedwa ngati mtengo wa sopo. Ankakananso kuyamba mzere ndi nambala, amati kutero kuli ngati kulowa pakhomo pa eni osapereka moni. Tinawafunsapo za mbuzi. Anaganiza kaye, n'kunena kuti mbuzi manambala, koma galu wapakhomo zimatengera khalidwe lake.

Musaganize kuti anthu ankawakonda nalo lamuloli. Ankawadandaula kwambiri, ndipo nthawi zina ndinkaona kuti odandaulawo akunena zoona. Ndani kuno amawerenga m'Chinyanja kupitirira zisanu? Pamsika timati sikisi, seveni, thwente. Ana asukulu akafika pa chiliza cha a Namahela amaima n'kuyamba kupinda zala, milomo ikugwedezeka. Mukawauza zimenezi iwo ankasangalala m'malo mochita manyazi. Amati nambala munthu amaiwerenga akuyenda, koma mawu amamuimitsa, ndipo pamanda ndi pamalo poyenera kuimapo. Koma khoma lotambalala limadya simenti yambiri, ndiye amasiye ena ankangopita kwa anyamata a ku Thekerani amene amalemba chilichonse chimene wawauza, ngakhale cholakwika. A Namahela akamva ankangotsonya, n'kupitiriza kunola sipoko yawo pamwala.

Mnzawo wokangana naye tsiku ndi tsiku anali a Saidi, Msilamu wogulitsa simenti ndi malata patauni yathu yaing'onoyi. A Saidi ankati pa anthu onse a m'boma la Thyolo palibe amene amawakonda ngati a Namahela, chifukwa munthu aliyense wokalamba akamwalira iwo amagulitsa thumba lowonjezera. A Namahela ankabweza kuti munthu amene kwawo saika chilembo pamanda alibe pakamwa pa nkhani ya ziliza. Amatha kukangana choncho mpaka tiyi kuzizira m'makapu, mawa lake n'kuyambiranso pomwe analekezera. Nkhani imene a Saidi ankaikonda kwambiri ndi ya agogo ena a kwa Nsabwe amene anamwalira ndi zaka makumi asanu ndi anayi mphambu zisanu ndi ziwiri. Tsiku limenelo a Namahela anayeza molakwa, malo anawathera ali pakati pa zakazo. M'malo mofupikitsa anapaka simenti m'mbali, mawu n'kukhota nawo pangodya. Mpaka lero adzukulu akafuna kudziwa zaka za agogo awo amachita kuzungulira manda. A Namahela sanapepese. Anati mayiwo anayenda ulendo wautali, adzukulu asadandaule ndi kangodya kamodzi.

Anali ndi liuma, zimenezo sindikana. Ankachedwetsa anthu. Asanalembe ankafuna mwini maliro atchule chiwerengerocho ndi pakamwa pake m'Chinyanja, ndipo ngati ndi ana, awatchule mayina mmodzimmodzi akupinda chala. Munthu uli ndi chisoni, dzuwa likuswa mtengo, achibale akudikira chakudya, iwo ali phee, sipoko ili kukhutu, akudikira kuti ukumbukire mmene amanenera seveni. Ena ankatuluka m'manda akutukwana chamumtima. Ineyo ndinawakwiyirapo kangapo, makamaka nditayamba kuwathandiza kulemba, pamene ankandibweza chifukwa cha chilembo chopendekeka chimene palibe wina akanachiona.

Asanakhale mmisiri anagwira ntchito pa esiteti, poyamba yothyola tiyi, kenaka ya ukalaliki wa pasikelo. Othyola tiyi akabwera ndi madengu awo, kalaliki amaitana nambala ya munthu, n'kulemba makilo. A Namahela anaitana manambala zaka zambiri, ndipo ankati mutu wawo unazolowera mpaka akakumana ndi munthu pamsika, chimene chinkayamba kubwera ndi nambala yake, dzina pambuyo. Tsiku lina kutchalitchi analengeza maliro a mayi wina. Iwo anamva dzinalo osagwidwa ndi kanthu, n'kupita kumaliroko mwamwambo chabe. Poona nkhope ndi pamene anazindikira kuti ndi mayi amene anamuyezera tiyi m'mawa ndi madzulo kwa nthawi yaitali, amene ankamudziwa nambala, makilo ake a tsiku labwino, ngakhale chifuwa chake cha m'nyengo yozizira. Nkhani imeneyi sankaikamba kawirikawiri, ndipo akaikamba sankanyoza esiteti. Amati sikelo siingamve mayina, ntchito yake ndi yotero. Chimene ankakana n'chakuti sikeloyo itsatire munthu mpaka kumanda.

Ine ndinawadziwa bwino pa chiliza cha mayi anga. Ndinali kale mayi wa mwana mmodzi. Mayi anandibereka asanakwatiwe, bambo wondibereka sindinamuonepo, ndipo ndinakulira m'nyumba ya a Mateyu, amene anakwatira mayi ine ndikuyamba kuyenda. Kwa a Mateyu mayi anaberekako ana atatu. Sanandimenyepo a Mateyu, sanandimanepo chakudya, koma sananditchulepo dzina. Ndinali "iwe", kapena "mwana wanuyu" akamalankhula ndi mayi.

Tsiku lomanga chilizacho azimayi tinkatunga madzi kumtsinje, ndipo ndinafika ndi ndowa pamutu simenti itapakidwa kale pakhoma. A Namahela anali atalemba dzina la mayi ndi zaka zawo. Anatembenuka n'kufunsa a Mateyu kuti malemuwa anabereka ana angati. A Mateyu anati fili. A Namahela anawapempha kuti anene m'Chinyanja, ndipo atchule mayina. A Mateyu anapinda zala zitatu, kutchula azing'ono anga ndi mlongo wanga, n'kuima. Ndowa ija sindinathe kuitula. Ndinangoima nayo, madzi akunditsikira m'khosi.

A Namahela sanandiyang'ane n'komwe. Anabweza sipoko kukhutu, n'kukhala pansi pa njerwa.

"Bambo, bere la mayi amenewa anayamba kuyamwa ndani?"

A Mateyu anayankha kuti simenti agula ndi iwo, mmisiri amulemba ntchito ndi iwo, ndipo palembedwe zimene iwo anena.

"Simenti ndi yanu ndithu," anatero a Namahela. "Koma sitikulemba ana a simenti. Tikulemba ana a mayi agona apawa."

Amalume anayesa kunyengerera mbali zonse. Wina anati angosiya mzere wa anawo, wina anati alembe nambala yaing'ono pakona, nkhani ithe. A Namahela sanachotse sipoko kukhutu. A Mateyu ananyamula njinga yawo n'kumapita. Tonse tinaima pamenepo tikuyang'ana simenti ikusintha mtundu, kuchoka pakuda kupita potuwa, mpaka inauma ndi mzere wosalembedwa.

Chilizacho chinakhala choncho dzinja lonse. Aliyense wopita kumaliro ankachiona, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. A Namahela anavutika nacho kuposa ine. Anthu anayamba kunena kuti mkuluyu amalowerera za m'mabanja, mabanja angapo anabweza ntchito imene anali atawalonjeza, ndipo kumpingo anawaitana kukawalangiza za kudzichepetsa. Ine ndemwe ndinapita kukawapempha kuti angolemba atatu, ndazolowera, sindifa nazo. Anandikalipira ngati mwana. Anati ndikhoza kukana cholowa changa china chilichonse, koma ndilibe mphamvu yochotsa mwana pamimba ya mayi anga.

Mvula itatha, a Mateyu anatulukira okha kwa a Namahela ndi thumba la simenti pakaliyala. Sindikudziwa chimene chinawatembenuza, ndipo sindinawafunse mpaka anamwalira. Tinapitanso kumanda, a Namahela anagumula pansi pa khoma paja n'kupakanso. Ine ndinkaganiza kuti poti munthu wagonja kale amumvera chisoni, angolemba. Ayi ndithu. Anaima ndi sipoko m'manja n'kufunsa funso lomwe lija, ngati akulifunsa koyamba. A Mateyu anati anayi. A Namahela anati atchule. A Mateyu anayang'ana chala chawo choyamba nthawi yaitali, kenaka anachipinda.

"Eneresi," anatero.

Dzina langa ndi limenelo. Ndinali ndisanalimvepo m'mawu awo, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira tsiku loika maliro.

Patapita zaka manja a a Namahela anayamba kunjenjemera. Kumanga ankamangabe, koma zilembo zinayamba kutuluka ngati mapazi a nkhuku. Anandiona ndikulemba pabolodi la kutchalitchi, n'kundiuza, osati kundipempha, kuti kuyambira tsopano ndikhala dzanja lawo. Anthu anayankhula, poti mzimayi kulemba pachiliza chinali chachilendo, koma iwo anati simenti sidziwa kuti wagwira sipoko wavala chitenje. Ankaima kumbuyo kwanga akupumira m'khosi mwangamu, akundiuza pamene simenti yafika polembeka poikhudza ndi chala chaching'ono. Akakhutira sankayamikira. Ankangoyamba kutsuka zida, akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe.

Akazi awo, mayi Dorika, atamwalira, a Namahela anachita chinthu chimene chinadabwitsa mudzi wonse. Anamanga khoma limodzi lalitali, lokwanira manda awiri. Mbali ya mayi Dorika tinapaka n'kulemba. Mbali inayo anaisiya yolowa m'kati pang'ono, yokhakhala, yosapaka, kuti tsiku lina simenti yatsopano idzagwire bwino. Anthu anati akudziitanira imfa. Iwo anati imfa siisowa woiitana, chimene chimasowa ndi malo okwanira mawu, ndipo sakufuna kuti zaka zawo zidzakhote pangodya a Saidi n'kudzaseka.

Tsiku limenelo ndi limene ndinamva za Tereza. Ana a a Namahela amene tonse timawadziwa ndi asanu. Koma pofika pa mzere wa ana a mayi Dorika, mkuluyo anadzifunsa yekha funso lake lija, n'kuyamba kupinda zala. Chala choyamba anatchula Tereza. Anali mwana wawo woyamba, anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti, ndipo anamwalira asanatuluke m'chikuta. Mwana wotere amakaikidwa ndi azimayi okha, mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda chiliza, ndipo bambo sapitako. A Namahela sanadziwe n'komwe malo enieni. Ankangodziwa kuti ndi cha kumtsinje, kumene pano kuli mitengo ya bulugamu. Ndinalemba ndi dzanja langa kuti mayi Dorika anabereka ana asanu ndi mmodzi. Nditamaliza anandigwira pamkono n'kundionetsa mbali yosapaka ija.

"Apa udzalemba ndiwe. Zaka zanga m'mawu, ana anga m'mawu. Tereza alibe pena pomuwerengera, koma pakhoma pano."

Anandipatsa sipoko yawo miyezi ingapo asanamwalire, atasiyiratu ntchito. Ndinalonjeza, ndipo lonjezo limenelo ndi limene landisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Nditamva kuti ana akukonza zovundukula chiliza, ndinapita kwa a Gilibati, mwana wawo wamkulu amene amagwira ntchito ku Blantyre. Ndisawanamizire, a Gilibati si munthu woipa. Bambo awo akudwala ndi iwo amene ankathamanga nawo kuchipatala, ndipo anandilandira mwaulemu, mpando ndi tiyi. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akugwedeza mutu, kenaka anandiuza kuti anagwirizana kale pa gulu lawo la pafoni, mwala anaitanitsa kale, ndipo akufuna bambo awo agone mwaulemu ngati anthu ena, osati pansi pa zolembalemba za sipoko. Anati wosema miyala amawerengera chilembo chilichonse, ndiye zaka za bambo m'Chinyanja zikanadzaza mwala wonse. Nditatchula Tereza anandiyankha mwachidule.

"Achemwali, ameneyo ife sitinamuone. Tawerenga amene tilipo."

Ndinawakumbutsa kuti pakhoma lomwelo, mbali ya mayi awo, panalembedwa kale asanu ndi mmodzi. Anaseka pang'ono n'kunena kuti masiku ano palibe amene amaima kuwerenga zimenezo. Ine si wachibale. Pamanda a eni sungafike ndi simenti yako ngati ukukamata khitchini. Ndinatsanzika, koma sipoko ndinapita nayo ndithu Loweruka, mwina wina asintha maganizo.

Atachotsa nsalu, anthu anaomba m'manja. Mwalawo ndi wokongola, sindikana, umaoneka nkhope ngati galasi. Pali dzina lawo, chaka chobadwa ndi chomwalira, kenaka "Zaka 82" ndi "Ana 5". Munthu amene anataya ntchito ndi mabwenzi pokana kulemba anthu ena choncho, ana ake omwe amulemba ngati dengu la tiyi pasikelo, n'kuitana abusa kuti adalitse. Ndipo onse amene anawamangira ziliza za makolo awo anali pomwepo, akuomba m'manja. A Saidi okha, amene anaima kunja kwa mpanda ndi ndodo yawo, ndi amene anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

A Gilibati analakwitsa ponena kuti palibe amene amawerenga. Mawu a a Namahela amaimitsa munthu, monga ankanenera eni ake. Tisanatuluke n'komwe m'manda, ndinamva azimayi awiri achilendo, a kuchikazi kwa mmodzi wa anawo, ataima kutsogolo kwa khomalo. Wina anapinda zala powerenga mbali ya mayi Dorika, n'kuyang'ana pamwala paja, n'kubwereranso. Kenaka anakodola mnzake n'kunong'ona kuti kani mayiwa anali ndi mwana wina wapambali. Mayi Dorika, amene anakhala ndi mwamuna mmodzi moyo wawo wonse, asanduka nkhani ya pachitsime ali m'manda, ndipo Tereza wasanduka mwana wopanda bambo. Mawu amenewo ine ndikuwadziwa kulemera kwake, ndinakula nawo. Ndinafuna kuwayankha koma kwaya inali itayamba nyimbo yotulukira.

Popeza simenti andikaniza, ndilemba pano. A Filipo Namahela anakhala ndi moyo zaka makumi asanu ndi atatu mphambu ziwiri. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo woyamba anali Tereza.

Dzulo ndinadutsa pakhomo pawo pochokera kumunda. Pansi pa mtengo wa mapeyala pamene ankasakanizira simenti pakadali chikhakha chotuwa chimene udzu umalephera kumerapo, ndipo mwala wonolera sipoko uli pomwepo, wina waikapo mbale ya nkhuku. Njira ya kwathu imadutsa m'mphepete mwa manda, ndipo khoma lija limaonekera pamsewu chifukwa palibe lina lotalika choncho. Mbali ya mayi Dorika ndi yodzaza mawu kuchokera uku mpaka uko. Mbali ya a Namahela, kamwala kakuda kaja kali pakatikati ngati sitampa pa envelopu, ndipo kuzungulira konse kwatsala malo amene anayeza ndi manja awo, osalembedwa kanthu. Amene anamata mwalawo sanavutike n'kupaka m'mbalimo. Pansi pake pakwanabe mizere iwiri, ndinayeza ndi maso. Pakadali pokhakhala monga anapasiyira, kuti simenti idzagwire.